Matewera Sikisi ndi Chiperoni cha ku Zomba

Tadala, dzulo unandifunsa uli chiimire pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja, kuti, "Agogo, paja munapitako ku Zomba, nthawi yabwino yopitira ndi iti? Ife tikuganiza za Juni." Ine ndinangoti tidzakamba, iwe n'kuseka, kuyesa kuti nkhalambayi yaiwala. Sindinaiwale ayi. Kungoti ndinaona Takondwa ali kumsana kwako, wa miyezi inayi, msinkhu womwewo umene anali nawo bambo ako Lameki pamene ndinapita nawo kumeneko. Ndiye ndatenga kope la mng'ono wako lotsala masamba kuti ndilembe, muwerenge nonse. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, mukapeza polakwika musandiseke.

Ana inu mumandinena kuti agogo ali ndi matenda a mazenera. Ndikalowa m'nyumba ya aliyense, ndisanakhale n'komwe pansi, ndimayamba ndakankha zenera. Mumati ndikukulowetserani fumbi ndi udzudzu. Werengani kaye, mudzandinene bwino.

Zinali zaka zimene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Ife tinkakhala ku Area 1, kachipinda kamodzi kuseri kwa telala, pafupi ndi msika. Uko mukuti ku City Centre kumene mumakadya zinthu za m'mapepala kuja kunali tchire, amayi ankapita kukatola nkhuni za mitengo imene makatapila agwetsa. Fumbi lofiira tsiku lonse, malole a njerwa, amuna achilendo olankhula zinenero zimene ndinali ndisanazimvepo. Ine ndinali nditangochoka kwathu ku Mitundu, zaka makumi awiri zisanakwane, ndipo ndinkaopa chilichonse. Lameki akagona ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Akayetsemula kawiri, ine ndamanga kale chitenje kuti tizipita kuchipatala.

Agogo anu aamuna anali mesenjala mu ofesi ina ya boma, wa yunifolomu ya khaki ndi njinga. Tsiku lina anabwera n'kunena kuti awatuma ku Zomba masabata awiri, akamange mafayilo ndi kuwakweza m'lole. Ine ndinalira. Ndinati sinditsala ndekha ndi mwana m'tauni ino. Iwo anakapempha kwa bwana wawo, a Mkandawire, amene banja lawo linali lidakali ku Zomba, ndipo anavomera kuti tikagone m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yawo.

"Nabanda, wachita mwayi," anatero agogo anu. "Ino ndiye nthawi yake yoyendera. Likanakhala dzinja ukanakaterereka m'phirimo. Koma Juni? Mvula inatha kalekale."

Ndani akanatsutsa? Kuno kwathu chaka n'chowongoka. Mvula ikatsanzika mu Epulo, simudzaionanso mpaka Novembala. Mu Juni m'mawa kumazizira, inde, mpaka zala kukana kugwira chingwe cha pachitsime, koma ikamakwana teni dzuwa latuluka, kamphepo kakuwomba, thewera ukayanika umalipeza lauma usanamalize kutsuka mbale. Musaganize za matewera anu otayawa. Athu anali ansalu, oyera, opinda katatu n'kumanga ndi phini, ochapa ndi sopo wamtanda mpaka manja kusupuka. Ndinali nawo khumi ndi awiri. Pomanga katundu ndinaona kuti chikwama chadzaza, ndipo ndinkafuna kutengera akazi a bwana mtedza wa kwathu, pakuti munthu sungafike pakhomo pa eni chimanjamanja. Ndinatulutsa matewera sikisi n'kuikamo mtedza. Ndinawerengera kuti awiri pathupi, awiri pachingwe, awiri m'chikwama, zakwana.

Tinakwera lole yopanda katundu, ife kutsogolo ndi dalaivala. Pa Dedza kunazizira, ndinamukulunga mwana. Titatsikira ku Liwonde kunatentha ngati Okutobala, milambe ili mbuu, ine mpaka kudziseka kuti juzi ndatengeranji. Kenako madzulo dalaivala anati, "Mayi, ilo phiri lanu."

Ana inu, ine phiri ndinkadziwa la Bunda. Bunda ndi chulu. Ili linatseka kumwamba konse mbali imodzi, lakuda ndi mitengo, ndipo nyumba za anthu zinali m'munsi mwake mwenimweni, zina zitakwera m'nthiti mwake. Ndinagwira mkono wa agogo anu n'kufunsa kuti, "Nanga likadzagwa?" Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. China chimene chinandizunguza mutu ndi madzi. Mwezi wa Juni, madzi akuyenda m'ngalande za m'mbali mwa msewu, oyera, osatunga munthu, kumangopita.

Akazi a bwana anali a NyaGondwe, a ku Rumphi, aatali, a magalasi, kale anali aphunzitsi. Chichewa chawo chinali cholimba, mawu aliwonse ankatuluka ngati akukufunsa mayeso. Analandira mtedza uja, anathokoza, n'kutilozera kanyumba kathu. Ine sindinawayang'ane kumaso ngakhale kamodzi.

Kanyumbako ndiye ndikufuna mukamvetse. Pansi simenti. Pamwamba malata, koma kunsi kwa malata kuli siling'i yoyera, yopanda ndi kabowo komwe. Zenera lagalasi lotseka kuti thi, chitseko chokwana bwinobwino pamphuthu. Ndinali ndisanagonepo m'nyumba yotero. Kwathu ku Mitundu denga linali laudzu. Ku Area 1 malata anangokhala pamwamba pa khoma, mpata wake mbalame zinkalowa. Ndinati koma anthu akukhala, uku akuti n'kwa antchito. Pakhonde panali mbaula yachitsulo ndi thumba la makala, a NyaGondwe anati ndiziphikira pamenepo.

Masiku awiri oyamba kunali dzuwa. Tsiku lachitatu ndinatsegula chitseko m'mawa n'kupeza phiri kulibe. Ndikunena zoona, kulibe. Nyumba ya bwana, imene inali pafupi ngati apa ndi pampopi paja, inkangooneka mthunzi. Ndinayesa utsi, ndinati kwapsa nkhalango, koma osanunkha. Ndiye ndinamva kumaso kukunyowa. Kamvula kosagwa, kongoyandama, kolowa m'makutu ndi m'khosi.

Ndinathamangira kukhitchini kwa a NyaGondwe mwana ali m'manja. "Mayi, kukugwa mvula."

"Eya."

"Mu Juni, mayi?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Simunauzidwe? Ichi ndi chiperoni. Chikabwera chimakhala masiku atatu, chikafuna sabata yonse. Muli nazo zofunda zokwanira, amake Lameki?"

"Tili nazo, mayi."

Bodza limenelo ndi loyamba.

Ndinachapa matewera n'kuyanika monga mwa masiku onse. Madzulo ndinakawagwira, anali onyowa kuposa mmene ndinawayanikira. Ndinawasiya. M'mawa mwake chimodzimodzi, akudontha. Ndinayesa kuwayanika m'nyumba pampando, anangozizira n'kuyamba kafungo ka nkhungu. Pofika tsiku lachitatu la chiperoni onse sikisi anali pachingwe, ndipo ndinali nditang'amba chitenje changa cha kutchalitchi pawiri, nachonso chanyowa. Lameki anatuluka zilonda zofiira m'mphechepeche, ankalira osalekeza, n'kuyambanso kachifuwa. Makoma ankachita thukuta. Bulangete ukaligwira ngati lagona panja. Agogo anu ankachoka m'mamawa n'kubwera kutada, manja atachekeka ndi zingwe za mafayilo, ndipo ankangoti, "Limba mtima, mawa kucha."

A NyaGondwe ankaima pakhomo la khitchini yawo n'kufunsa, "Muli bwino uko?" Ine, "Tili bwino, mayi." Mudzafunsa kuti bwanji osapempha. Inu a masiku ano mumalowa m'nyumba ya bwana n'kutsegula firiji. Ine ndinkaona kuti mkazi wa mesenjala kukauza mkazi wa bwana kuti ndalephera kuumitsa matewera a mwana wanga, ndiye kuti ndadzivula pagulu, ndawavulanso amuna anga.

Tsiku lachinayi, agogo anu atachoka, nzeru inandibwerera, ndipo ndinadabwa kuti ndinachedweranji. Kwathu kukazizira timasonkha moto m'nyumba. Amayi anga anatilera tonse asanu ndi atatu pafupi ndi moto wa m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo palibe anafa. Chovuta chinali utsi wokha, wowawa m'maso ndi wodetsa zovala. Tsono apa pali makala, opanda ndi utsi womwe. Ine makala ndinkawadziwa a m'simbi yositira basi. Ndinati Mulungu wandiona, matewera auma oyera, osanunkha.

Ndinakoleza mbaula pakhonde mpaka makala anafiira, n'kuilowetsa. Ndinamanga chingwe kuchokera pamsomali wa chitseko kufika pazenera, n'kuyanika onse sikisi. Ndinatseka zenera. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chiguduli, ndipo m'mbali mwa zenera ndinafinyiramo nyuzipepala, kuti chifunga chija chisapeze polowera. Ndinagwira ntchito imeneyo mosamala kwambiri, ana inu. Sindinasiye mpata ngakhale wa singano. Inali cha m'ma naini m'mawa.

M'nyumba munafunda. Matewera anayamba kufuka nthunzi. Lameki, amene analira masiku awiri, anayamwa pang'ono n'kukhala chete, n'kugona. Ndinamugoneka pamphasa pafupi ndi ine, ndipo ndinapemphera kuthokoza. Pemphero limenelo sindinaliiwale mpaka lero.

Kenako mutu unayamba kugunda m'mbali umu. Ndinati kaya ndi malungo a ku Liwonde. Ndinafuna kudzuka kuti nditembenuze matewera, miyendo inakana. Sinapweteke ayi, inangokhala ngati ndi ya munthu wina. Ndinati ndipume pang'ono. Ndinayang'ana mwana, ndinafuna kuika chala pamphuno pake monga ndinkachitira, dzanja linafika pakati n'kugwa. Ndipo sindinaope. Ine amene ndinkaopa chilichonse, nthawi yokhayo imene ndinayenera kuopa, mtima unali zii, kukoma ngati tulo ta masana.

Ndinamva kugogoda, koma kutali, ngati kumudzi wina. Dzina langa likuitanidwa. Kenako chitseko chinakankhidwa mwamphamvu, chiguduli chija chikukaniza, ndipo kunalowa kuzizira ndi a NyaGondwe. Sanandiyang'ane. Anandidumpha, anatola mwana n'kutuluka naye. Anabweranso, anandigwira m'khwapa n'kundikoka ngati thumba la chimanga mpaka pakapinga wonyowa. Ndinasanza pomwepo.

Ndinakweza mutu kufuna mwana wanga. Mayi aja anali atamuvula mwana wanga zonse, shawelo, juzi, kachipewa, ali naye pamtunda m'kamvula kaja. Ndinati, "Mayi, achita chibayo."

"Chete."

Mutu wa Lameki unkagwera kumbuyo, manja ali lende ngati nkhwani wofota. Maso otseka. Milomo yake inali yofiira bwino, yokongola, moti ukanati mwana wathanzi ali m'tulo. Iwo ankamutikita pachifuwa ndi kumsana, kumuuzira kumaso, kumumenya timapazi, uku akulankhula Chitumbuka chimene sindinkamva, kaya ankapemphera kaya ankamukalipira. Ine ndinkakwawa pakapinga kuti ndifike pamene anali, osafika. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mukandifunsa ndinganene kuti chaka.

Ndiye kunamveka kamawu, kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka. Kanasiya. Kanabweranso. Kenako analira kwenikweni, kukamwa konse, nkhope kukwinyika.

A NyaGondwe anakhala pansi m'matope momwemo ndi diresi lawo labwino. Magalasi anali atagwa. Anati, "Lira, mwana wa Mchewa iwe, lira ndikumve."

Sanadikire kuti ndipeze mphamvu. Anamukulunga, anamubereka kumsana kwawo, mkazi wa bwana kubereka mwana wa mesenjala, ndipo anandigwira dzanja n'kutsika nane phiri mpaka kuchipatala, ine ndikudzandira ngati woledzera. Anamwino atamva kuti mbaula, sanafunsenso zambiri. Anatigoneka pafupi ndi zenera lotsegula, ndipo mmodzi anandikalipira mpaka mnzake anamuletsa.

Masana a NyaGondwe anakhala pambali pa bedi. Ine ndinkangoyang'ana pansi.

"Amake Lameki, kwanu denga ndi la chiyani?"

"Laudzu, mayi."

"Udzu umapuma. Moto wa amayi anu mpweya wake unkatulukira m'denga, inu osadziwa. Nyumba ya siling'i sipuma. Ndipo makala ali nawo utsi wake, kungoti suoneka, sununkha. Kwathu kumapiri tinaika m'manda anthu awiri a nyumba imodzi, anawapeza atafunda bwinobwino ngati akugona."

Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji, pakuti sindinakuwe.

"Ndimawerenga matewera anu," anatero. "Sikisi. Masiku atatu ali pachingwe, ine ndikudikira kuti mtsikanayu abwera liti kudzapempha. Lero ndayang'ana, pachingwe palibe, pakhonde mbaula palibe, zenera lachita thukuta mkati. Ndinataya mbale ndili nayo m'manja." Anapukuta magalasi. "Ine ndili ndi matewera a ana anga m'thiranki, odzaza. Ndili ndi chitofu cha nkhuni cha chumuni, chimayaka tsiku lonse. Nanenso ndinalakwa. Ndinaona kuti mukundiopa, ndinati ndisakuchititseni manyazi."

"Ena sikisi ndinasiya ku Lilongwe, mayi. Ndinaikamo mtedza uja."

Anavala magalasi aja. Kenako anati, "Mtedza umenewo tidya tonse, ndipo muuyamikire kwambiri, pakuti ndi wodula."

Agogo anu anafika akuthamanga, chingwe cha mafayilo chidakali m'manja, osadziwa kuti achigwira. Anamuyang'ana mwana akuyamwa, anakhala pansi pasimenti, n'kunena kuti, "Ndine ndinati Juni." Sanandidzudzule tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse mpaka anamwalira. Tinapangana kuti kumudzi tisakanene, pakuti apongozi anga akanamva, mwana akanandilanda.

Masiku otsalawo ndinkakhala m'khitchini mwa a NyaGondwe, kuwathandiza kukulunga mbale m'manyuzipepala pokonzekera msamuko wawo, matewera ali ndandanda pamwamba pa chitofu. Patapita masiku awiri chiperoni chinachoka ngati munthu wavundukula nsalu. Phiri linabwerera, lotsukidwa, mtengo uliwonse ukuoneka pawokha, ndipo ine ndinaliyang'ana ndi mkwiyo, kuti likukongola chonchi ngati silinachite kanthu. Tinabwerera kuno pa lole yodzaza mafayilo, ine ndi matewera khumi ndi asanu ndi atatu.

A NyaGondwe anasamukira kuno mu Okutobala, anawapatsa nyumba ku Area 18, nthawi imeneyo kulibe ndi mtengo womwe wa mthunzi. Ndinapita kukawaona ndi Lameki. Ndinawapeza atakhala pakati pa mabokosi, thukuta lili kamukamu, milomo itang'ambika, atatseka mazenera onse n'kufinyiramo nsalu chifukwa cha fumbi.

"Amake Lameki, dziko lanuli anthu mumakhalamo bwanji? Mvula ibwera liti?"

"Ikafuna, mwezi wamawa, mayi. Ikapanda kufuna, winawo."

Ndinawaonetsa za kwathu, kuwaza madzi pabwalo m'mawa, kunyowetsa chiguduli n'kuchipachika pazenera kuti mphepo izilowa yozizira fumbi likutsalira. Koma ndisanachite zonsezo ndinayamba ndachotsa nsalu zija n'kukankha zenera. Anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo sindinawaopenso. Ndi iwo anamugulira Lameki yunifolomu yoyamba ya sukulu, ndipo atamwalira ndinakwera basi mpaka ku Rumphi kukawaperekeza.

Tsono funso lako, Tadala. A NyaGondwe, amene anakhala ku Zomba zaka zambiri, ankati phirilo limakoma kawiri pachaka. Koyamba ndi mvula ikangotha, kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, kukadali kobiriwira, mitsinje yodzaza, kumwamba koyera moti umaona kutali. Kachiwiri ndi mu Seputembala, chisanu chitatha, pamene kuno tayamba kupsa koma kumeneko kuli kamphepo, ngakhale utsi wa moto wa m'tchire umabisa zakutali. Dzinja ankati ndi la eni ake odziwa poponda. Juni ndi Julayi ukhoza kupeza dzuwa sabata yonse, ukhozanso kufika n'kubwerera osaliona phirilo, ndipo palibe amene angakulonjeze. Ine ndikuti dikirani Seputembala, mwanayo akhale atalimbako.

Koma ndikukudziwa, uli ndi mutu wa bambo ako, ukanena Juni ndi Juni. Bambo akowo nkhaniyi sakuidziwa. Akhala akundiseka za mazenera zaka zonsezi pamodzi ndi inu, ndipo aimva lero m'kope lino, ali ndi imvi. Mukamaliza kuwerenga muwapatse, koma muwapatse atakhala pansi.

Ngati mupitabe, tenga zofunda zambiri, ndipo chimene wachitulutsa m'chikwama kuti chichepe, chibwezeremo. Kukazizira, vala mwanayo pathupi pako. Wina akakubweretserani mbaula kuchipinda, ngakhale mwaulemu chotani, ikhale panja. Ndipo mukafika, unditumizire chithunzi pafoni ya mng'ono wako. Cha phiri usavutike nacho, ndinaliona kale. Unditumizire cha zenera la chipinda chimene agone Takondwa, ndione kuti n'lotsegula.